Kwa amisiri a ku Limbe omwe sanathamangire kufomata laputopu yanga

Laputopu yanga inasiya kugwira ntchito Lamlungu madzulo, kutatsala masiku 9 kuti titseke teremu, ndipo malikisi a ophunzira a makalasi atatu omwe ndimaphunzitsa anali momwemo. Inayaka bwinobwino monga mwa masiku onse, ndinalemba pasiwedi n'kudina Enter, pa sikirini n'kutuluka mawu aja akuti Welcome pamodzi ndi timadontho tozungulira. Timadonthoto tinazungulira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenaka tinayamba kuyenda modukizadukiza mpaka tinangoima nji, ndipo kamuvi ka mausi nakonso kanakana kusuntha. Ndinadina Ctrl, Alt ndi Delete nthawi imodzi monga anatiphunzitsira kale, koma sikirini sinasinthe ngakhale pang'ono.

Zimene ndinachita usiku umenewo ndazizindikira tsopano kuti zinawonjezera vuto. Ndinakanikiza batani loyatsira kwa masekondi angapo mpaka laputopu inazima, ndinayatsanso, inaimanso pamalo omwewo, ndipo ndinabwereza zimenezi kokwana kasanu ndi kawiri. Maulendo awiri panatuluka mawu akuti Preparing Automatic Repair, zomwe Windows imachita yokha ikaona kuti yalephera kuyaka bwino kangapo motsatizana, koma pamapeto pake inanena kuti yalephera kukonza. Ndinagona ndi mtima wosweka, chifukwa kupatula malikisi aja munalinso mapulani a maphunziro a zaka zinayi ndi zithunzi zonse za kumudzi, ndipo kunalibe kwina kulikonse komwe ndinali nditazisunga.

M'mawa mwake ndinapempha chilolezo kusukulu n'kupita ku Limbe. Pamalo oyamba pomwe ndinafika, mnyamata amene ndinamupeza anangoyatsa laputopu, n'kuona timadontho tija, n'kuitsekanso. Anati, "Imeneyi ndi vairasi, amayi. Tingoifomata basi, mudzaitenge 3 koloko." Nditafunsa za mafayilo anga anandiyankha kuti zomwe zingapulumuke zipulumuka. Kufomata ndiko kufufuta zonse zomwe zili pa disiki, chipangizo chomwe chimasunga mafayilo onse m'kompyuta, n'kuikamo Windows yatsopano, ndipo m'malo ambiri okonzera makompyuta kwasanduka mankhwala a nthenda iliyonse, chifukwa n'kwachangu, sikufuna kuganiza kwambiri, komanso kompyuta imaoneka ngati yachira pa tsiku lomwelo. Ndinabweza laputopu yanga m'chikwama n'kutuluka.

Mphunzitsi mnzanga ndiye anandilozera pa foni malo achiwiri, omwe ndikufuna kuwafotokoza pano. Ndi kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo yogulitsa nsalu, kolowera pa kanjira kopapatiza, ndipo munthu wosauzidwa akhoza kudutsa osakaona. Mkati muli tebulo lalitali, kompyuta yaikulu ya pa desiki yotsegula m'mbali, ndi mashelefu odzaza malaputopu, iliyonse itamatidwa kapepala kolembedwa tsiku lomwe inabwera ndi vuto lake. Eni ake ndi bambo achikulire ndithu, a imvi zapatalipatali, omwe amagwira ntchito ndi mtsikana mmodzi wophunzira ntchitoyo. Mpando wa makasitomala ndi umodzi wokha, ndipo pa tsikulo ndinaima pafupifupi theka la ola ndisanaupeze.

Chinthu choyamba chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti amisiriwo sanayambe ndi kugwira laputopu, koma anayamba ndi kundifunsa. Anafuna kudziwa ngati inali itayamba kale kuchedwa masabata a m'mbuyomo, ngati ndinaikamo pulogalamu yatsopano, ngati Windows inali itangomaliza kudzikonza kudzera pa intaneti, ngati inagwapo, ndiponso ngati batire limasunga moto. Ndinavomera kuti kwa miyezi iwiri foda ya zithunzi inkatenga nthawi yaitali kuti itseguke, kuti batire linafa kalekale moti magetsi akazima laputopu imazima nthawi yomweyo, komanso kuti mwezi wapitawo inatsetsereka pa mpando wa minibasi n'kugwera pansi ili m'chikwama. Iwo anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwandiuza kale theka la nkhani, koma tiyeni tiione yokha, tisaiweruze isanalankhule."

Atayatsa, anandipempha kuti ndilembe ndekha pasiwedi, ndipo titafika pa Welcome paja anakhala chete akuyang'ana. Timadontho titaima, anadina batani la Caps Lock n'kundionetsa kanyale kake, komwe kanayaka patapita masekondi angapo m'malo moyaka pomwepo. Anandifotokozera kuti kanyaleko kakakana kuyaka ndiye kuti kompyuta yauma yonse, zomwe kawirikawiri zimaloza ku RAM (kachipangizo kosunga zomwe kompyuta ikugwira pa nthawiyo), kutentha kopitirira muyeso kapena vuto la pa bolodi yaikulu yomwe imalumikiza zipangizo zonse za mkati, koma kakayaka mochedwa ndiye kuti kompyuta ikadali moyo, kungoti pali chinthu chomwe ikudikira. Anadinanso mabatani anayi pamodzi, la Windows, Ctrl, Shift ndi B, omwe amadzutsanso pulogalamu yoyendetsa zooneka pa sikirini, kuti aone ngati vuto linali kumeneko, koma sizinathandize. Kenaka anandilozera kanyale kena kakang'ono kutsogolo kwa laputopu, kosonyeza kuti disiki ikugwira ntchito, komwe kanali kayaka osaphethira. Anauza mtsikana uja kuti azimitse wailesi, anaweramitsa mutu mpaka khutu kugunda pafupi ndi pomwe timaika dzanja polemba, ndipo anandiitana kuti nanenso ndimve. Munkamveka kaphokoso kapansipansi, kake ka tiki, tiki, tiki, kobwerezabwereza ngati wotchi yakale, kenaka kuleka, n'kuyambiranso.

Ngakhale anali atamva zimenezo sanafulumire kugamula. Anati ayesa kamodzi kokha kulowa mu Safe Mode, ndipo njira yomwe anagwiritsa ntchito ndikuona kuti aliyense wokhala ndi Windows 10 kapena 11 ayenera kuidziwa. Popeza laputopu inkamvera bwinobwino munthu asanalembe pasiwedi, anapita pa kachizindikiro kozimitsira komwe kali pakona ya kumanja m'munsi mwa sikirini, anakanikiza Shift osachotsa chala, n'kudina Restart. Panatuluka sikirini yabuluu pomwe anasankha Troubleshoot, kenaka Advanced options, kenaka Startup Settings, n'kudinanso Restart, ndipo itayakanso anadina nambala 4. Mu Safe Mode, Windows imayaka ndi zinthu zochepa zofunikira kwambiri zokha, n'kusiya kunja mapulogalamu onse omwe amadziyatsa okha munthu akalowa. Choncho ngati kompyuta yalowa bwino mu Safe Mode, kawirikawiri wolakwa amakhala pulogalamu ina kapena driver (kapulogalamu koyendetsa chipangizo china cha m'kompyuta), ndipo zimenezi zimakonzeka mwa kuchotsa chomwe chinaikidwa posachedwa, kuchotsa update yomaliza (zokonza zomwe Windows imalandira pa intaneti) kapena kugwiritsa ntchito System Restore, yomwe imabwezera Windows mmene inalili tsiku lina la m'mbuyo, popanda kutaya fayilo ngakhale imodzi. Yanga inaima pamalo omwe aja ngakhale mu Safe Mode, ndipo amisiri anaizimitsa n'kunena kuti saiyatsanso ndi disiki imeneyo.

Ndinawafunsa funso lomwe linkandivuta maganizo kuyambira usiku uja: ngati disiki yaonongeka, bwanji laputopu inkayaka bwinobwino mpaka pa pasiwedi? Yankho lawo ndi limene linandichititsa kuona kuti ndafika kwa munthu wodziwa ntchito yake. Anati kawirikawiri disiki siionongeka yonse tsiku limodzi, koma imayamba ndi timagawo tochepa tomwe timakana kuwerengeka. Mafayilo omwe Windows imafuna kuti ifike pa sikirini ya pasiwedi ali pamalo ena, pomwe zinthu za munthu mwini, monga makonzedwe a desiki yake (sikirini yomwe imatuluka munthu akalowa) ndi mapulogalamu ake, zili mu foda yake ya pansi pa Users, makamaka mu fayilo yobisika yotchedwa NTUSER.DAT, yomwe imatsegulidwa pokhapokha pasiwedi yalandiridwa. Ngati timagawo toola tili pomwe pagona fayilo imeneyo kapena ena ofunika pa nthawiyo, Windows imayesa kuwerenga, imalephera, imayesanso, ndipo zonse zimaima kudikira yankho lomwe silikubwera. Anaonjezera kuti fayilo yomweyo ikhoza kusokonekera ngakhale disiki ili yabwinobwino, makamaka kompyuta ikazima mwadzidzidzi ili mkati molemba, zomwe zimachitika kwambiri kwa ife okhala ndi mabatire akufa m'nyengo ya kuzimazima kwa magetsi, ndipo zikatero mankhwala ake ndi kutsegula akaunti yatsopano n'kusamutsira mafayilo kumeneko.

Asanamasule sikuluwu ngakhale imodzi anandifunsa ngati ndinamvapo za BitLocker. Ndinali ndisanamvepo. Anati makompyuta ena, makamaka atsopano ndi ochokera m'makampani, amakhala ndi disiki yokhomedwa mwa njira imeneyi, moti ukaichotsa n'kuilumikiza kwina siitseguka popanda kiyi ya manambala 48, yomwe nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake. Yanga sinali yokhomedwa, koma ndinayamikira kuti anafunsa ntchito isanayambe, osati itafika pakati.

Disiki yomwe inatuluka inali ya mtundu wakale wa mbale zozungulira, ya 500 GB, ndipo pa chikuto chake panalembedwa kuti imazungulira ka 5,400 pa mphindi. Anailumikiza ku kompyuta yawo yaikulu n'kutsegula pulogalamu yaulere yotchedwa CrystalDiskInfo, yomwe imawerenga kaundula wa umoyo yemwe disiki iliyonse imadzisungira yokha, wotchedwa SMART. Pomwe pamayenera kulembedwa Good panalembedwa Caution mu utoto wachikasu, ndipo anandilozera mizere iwiri: wina wosonyeza timagawo tomwe disiki inatisiya kale n'kusamukira pa ena osungira, wina wosonyeza timagawo tomwe ikulephera kuwerenga pakali pano. Anatembenuzira sikirini kwa ine kuti ndione ndi maso anga, ndipo anandilola kujambula ndi foni. Kwa munthu amene wazolowera kungouzidwa kuti "chapsa" popanda umboni uliwonse, chimenechi chinali chinthu chachikulu.

Apa ndi pomwe ndinaona kusiyana kwenikweni pakati pa iwo ndi ena. Ndinali nditawerenga pa foni usiku uja kuti lamulo lolembera kompyuta lotchedwa chkdsk limakonza disiki, ndipo ndinawafunsa ngati tingaliyese. Anakana mwaulemu koma mosanyengerera. Anati chkdsk ndi linzake la sfc, lomwe limakonza mafayilo a Windows, ndi zida zabwino pomwe vuto lili m'kakonzedwe ka mafayilo pa disiki yathanzi, koma kuuza disiki yomwe ikufa kuti iwerenge gawo lililonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto kuli ngati kusenzetsa wodwala thumba la chimanga, ndipo ikhoza kutsirizikira m'manja. Anatinso kuzimitsa mokakamiza komwe ndinachita kasanu ndi kawiri kuja kunali kuipweteka, ngakhale sanandidzudzule, popeza anati palibe chinanso chomwe munthu angachite kompyuta ikauma. Choyamba chinali kupulumutsa zomwe zili mkati. Anagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa Linux (dongosolo lina loyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows) yotchedwa ddrescue, yomwe imayamba ndi kukopera msanga malo onse abwino, kudumpha oipa, n'kudzabwerera kwa oipawo pamapeto, komanso imalemba pomwe yafika kuti ntchito ikadukizidwa idzapitirire pomwepo.

Tsopano ndinene zomwe sizinandikondweretse, chifukwa zilipo ndipo si zazing'ono. Anandilonjeza kuti ndidzatenga laputopu Lachitatu, koma ndinaitenga Lachisanu madzulo. Chifukwa chake n'chomveka ndithu, popeza magetsi anazima kawiri kukopera kuli mkati ndipo disiki yodwala imawerengeka pang'onopang'ono, koma malo ogwira ntchito yosamalitsa chotere sayenera kukhala opanda invetala kapena batire lothandizira kompyuta yomwe akupulumutsirapo zinthu za anthu. Chomwe chinandipweteka kwambiri n'chakuti sanandiimbire foni kundiuza za kuchedwako. Lachitatu ndinakwera minibasi nditaweruka, ndinalipira ulendo wopita ndi wobwerera, n'kungomva kuti ndibwerenso, pomwe nambala yanga inali yolembedwa pa kapepala komwe kanamatidwa pa laputopu. Ndinawauza maso ndi maso kuti zimenezi sizinali bwino. Anapepesa, ndipo Lachinayi mtsikana uja ananditumizira pa WhatsApp fayilo ya malikisi yomwe inali itapulumuka, zomwe zinandithandiza kumaliza malipoti a ana pa kompyuta ya kusukulu nthawi isanathe.

Palinso nkhani ya chinsinsi cha makasitomala. Pa shelefu ndinaona malaputopu angapo omwe pasiwedi zake zinalembedwa pa kapepala komweko, poonekera kwa aliyense wolowa, ndipo m'makompyuta a anthu mumakhala zinthu za ku banki, makalata a kuntchito ndi zithunzi za m'banja. Lisiti nalonso sanandipatse mpaka nditalifunsa, ndipo chitsimikizo cha miyezi itatu chomwe ananena pakamwa ndinachita kuwapempha kuti achilembe kuseri kwake. Sindikukayika kukhulupirika kwawo, koma yemwe akupita kumeneko akumbukire kufunsa zinthu ziwirizi, ndipo asinthe pasiwedi akangotenga katundu wake.

Pa nkhani ya ndalama anachita zinthu poyera. Anandiuza padera mtengo wa ntchito yopulumutsa mafayilo, padera mtengo woika Windows, padera mtengo wa disiki yatsopano, ndipo anati ndili ndi ufulu wokagula disikiyo kwina ngati ndingapeze yotsika mtengo. Anandilangiza kugula disiki ya mtundu watsopano yotchedwa SSD, yomwe ilibe mbale zozungulira kapena kamkono kowerengera, motero siiopa kugwedezeka kwa m'minibasi monga yakale ija, komanso imawerenga mofulumira kangapo kuposa disiki wamba ya mu laputopu. Ndalama zanga zinakwanira ya 256 GB, yocheperapo kuposa yakale, koma anawerengera kaye kukula kwa mafayilo anga n'kunditsimikizira kuti akwana. Anaitsegula m'paketi ine ndikuona, n'kundionetsa pa CrystalDiskInfo pomwe paja kuti inali isanagwirepo ntchito, zomwe n'zofunika chifukwa disiki yochotsedwa m'kompyuta ina imaoneka ngati yatsopano kunja kwake. Windows itaikidwa inadzitsimikizira yokha laisensi itangolumikizidwa pa intaneti, popeza laisensi ya mtundu umenewu imatsatira bolodi ya kompyuta osati disiki, ndipo sanandilipiritse kanthu pa chimenecho.

Sanandibisirenso kuti laputopu yanga yakalamba. Microsoft inasiya kupereka chithandizo cha masiku onse ku Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11, yomwe inatuluka mu 2021, imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 komanso, kwa makompyuta a Intel, purosesa (ubongo wa kompyuta) yoyambira m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kupatulapo ochepa kwambiri. Yanga ndi ya m'badwo wa 6. Anati zilipo njira zokakamizira Windows 11 pa makina otere ndipo ambiri amachita, koma iwo sangandilonjeze kuti idzapitiriza kulandira zokonza bwinobwino. Anandionetsa Linux Mint pa fulashi kuti ndione mmene imaonekera ngati ndingadzafune kusamuka, osandikakamiza. Ndinasankha kukhala kaye pa Windows 10 chifukwa cha mapulogalamu omwe timagwiritsa ntchito kusukulu, ndikudziwa bwino kuti ndi nkhani yofunika kuiganiziranso posachedwa.

Si zonse zomwe zinapulumuka, ndipo iwo anandiuza zimenezi ndisanafunse. Malikisi, mapulani a maphunziro ndi makalata zonse zinabwerera zathunthu, koma mu foda ya zithunzi ija yomwe inkachedwa kutseguka munali zithunzi 11 zomwe zinakana, zina zikutseguka theka lokha, kumunsi kwake kuli kotuwa. Zitatu mwa izo zinali za tsiku la chinkhoswe cha mng'ono wanga, ndipo ndinamva kuwawa, koma mtsikana uja anali atalemba maina a mafayilo onse 11 pa pepala, moti ndinatha kufunsa achibale ndipo ziwiri zinapezeka m'foni ya mlamu wanga.

Papita miyezi itatu tsopano. Laputopu ikuyaka n'kufika pa desiki ndisanamalize kukhala bwino pa mpando, ndipo sinaimenso pa Welcome ngakhale kamodzi. Anachotsamonso fumbi lomwe linali litaundana pa fani ngati kansalu ka bulangeti, popanda kuwonjezera mtengo, moti siikutenthanso pa miyendo monga kale. Anzanga awiri akusukulu ndawatumiza kale komweko, ndipo onse ndinawauza kuti aziimba okha foni asanakwere minibasi. Disiki yakale anandibwezera itakulungidwa m'pepala, atalembapo ndi cholembera chofiira kuti ndisasungiremonso kanthu, ndipo anandigulitsa fulashi yomwe Lachisanu lililonse ndimakoperamo foda ya kusukulu ndisanachoke mu ofesi ya aphunzitsi. Batire lokha ndi lomwe latsala. Anandilembera nambala ya mtundu wake kuseri kwa lisiti lija, ndipo ndikuyembekezera malipiro a mwezi uno kuti ndibwerere ku Limbe.